Ankhoswe Anafika Chombo Chisanaphulike

Abale ndi alongo anga mwa Ambuye, mtendere ukhale ndi inu nonse amene mukuwerenga izi. Dzina langa ndine Fabiano, ndimakhala ku Golomoti, ndipo kwa zaka zambiri ndinali mphunzitsi wa sayansi pa sukulu ina ya pulayimale chakufupi ndi Mua. Ndikulemba ndi dzanja lamanzere, pang'onopang'ono, chifukwa lamanja linafa ndi sitiroko. Koma umboni wangawu si wa dzanja ayi. Ndi wa tsiku limene ndinakonza zodzipha, ndi mmene Mulungu ananditchingira njira kudzera mwa munthu amene anabwera kudzandikalipira.

Matendawa anandigwera ndili pa bolodi, ndikujambula mmene dziko limazungulirira dzuwa. Choko chinagwa, ndinawerama kuti nditole, ndipo sindinadzukenso. Nditatuluka m'chipatala mwendo wamanja unkangokokedwa, pakamwa panapotoka, mawu ankatuluka ngati a munthu woledzera. Ntchito inathera pomwepo. Mkazi wanga Agata, amene amasoka zovala pa khonde la sitolo ina pamsika, ndiye anatenga zonse: kundisambitsa, kundimanga mabatani a shati, kudyetsa ana athu awiri, Tadala ndi Mphatso, kenako n'kuthamangira ku makina ake. Sanadandaulepo ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo n'zimene zinkandiwawa kwambiri. Akanandinyoza bwenzi ndili ndi womukwiyira, koma iye ankangondipukuta malovu n'kumapita.

A kuchipatala anati ndizichita mafizo ndi kuseweretsa zala. Mng'ono wanga wa ku Joni atamva, ananditumizira foni yaikulu, ataikamo gemu ya nkhondo ya zombo za m'mlengalenga. Iwe wosewera umakhala kaputeni wa chombo chachikulu chokhala ndi mizinga, ndipo umayenda pakati pa nyenyezi kumenyana ndi adani ofuna kuwononga dziko lakwanu. Pakati pa nkhondo iliyonse pamabwera kankhani, anthu a m'chombomo akulankhula ngati pa kanema. Ndinayamba ndi cholinga cha mankhwala, koma posakhalitsa ndinkangokhala pa mpando wanga pakhonde kuyambira ana akamapita kusukulu mpaka kubwera, chala chamanzere chili pa galasi. Mkati mmenemo ndinali ndi manja awiri, ndipo ndikalamula anthu ankamva.

Mphunzitsi ndi mphunzitsi basi, sangaone chinthu osafufuza mmene chimayendera. Nditamaliza gemuyo kangapo ndinayamba kuona kuti nkhani zake zili ndi njira imodzimodzi, ngati mayeso amene amangobwereza mafunso a chaka chatha. Mkulu wa asilikali amene wakuphunzitsa kuwombera, wa imvi ndi wokoma mtima, ukangomukonda dziwa kuti safika patali. Mnzako amene amaseka kwambiri ndiye adzakugulitse kwa adani. Izi ndinkaziona kutali n'kumaseka ndekha, ndikumati olemba nkhaniwa ndi aulesi. Chimene chinkandinyansa koposa ndi ichi: nkhondo ikavuta, mizinga itatha, chombo chikuyaka, mwadzidzidzi zombo za anzako zimatulukira kuseri kwa mwezi kudzakupulumutsa. Ndinkalavula ndikafika pamenepo. Ine ndinali nditapemphera kolona miyezi yambiri, akhristu anzanga a mu mphakati wathu anabwera kudzandiimbira, koma dzanja langa linali lende ngati kale. Kuseri kwa mwezi wanga kunalibe kanthu.

Koma panali kankhani kamodzi kamene sindinakaseke. Chakumapeto kwa gemuyo chombo chimawonongeka kotheratu, ndipo palibe amene akubwera. Kaputeni amalamula anthu ake onse kuti alowe m'tizombo ting'onoting'ono tothawira. Iwo amalira, amamupempha kuti abwere, koma iye amatseka chitseko n'kutsala yekha, chifukwa chombo chakecho chikapitiriza kuyenda nawo chiwapha onse. Nyimbo yachisoni imalira, tizomboto timamwazikana ngati ziphaniphani, kenako chombo chachikulu chimaphulika. Pamapeto amalemba kuti anafa ngati ngwazi.

Gawo limeneli ndinalibwereza kosawerengeka. Pang'onopang'ono linasiya kukhala gemu, linasanduka ulaliki umene ndinkadzilalikira ndekha. Ndinkati chombo chowonongekacho ndi thupi langali, ndipo Agata ndi ana akapitiriza kukhalamo afera momwemo. Ndinkamuona mkazi wanga akuwonda, maso atafiira ndi singano, Tadala atasiya kwaya chifukwa chondidikirira, ndiye ndinkati mwamuna weniweni amawatulutsa anthu ake n'kutseka chitseko. Satana sanabwere kwa ine ndi nyanga ayi. Anabwera ndi nyimbo yokoma ndi mawu oti ngwazi. Ine amene ndinkanyadira kuti ndimazindikira mabodza a olemba nkhani, ndinameza bodza lalikulu kuposa onse, ndipo sindinauze munthu aliyense.

Mpata unapezeka pa holide ya ana, nthawi yokolola mpunga. Kwawo kwa Agata ndi chakumunsi kwa Mtakataka, ndipo mayi ake okalamba ankasowa owathandiza kumunda. Ndinamuuza kuti apite ndi ana akakhale sabata imodzi, ine ndidzisamalira, oyandikana nawo alipo. Anakana masiku awiri, koma ndinamuumiriza mpaka anavomera. Tsopano apa ndi pamene ndinalakwitsa, kulakwitsa kumene kunandipulumutsa. Poti ndine munthu wokonda dongosolo, ndinaganiza kuti kaputeni wabwino satulutsa anthu ake chimanjamanja. Agata ali kumsika, ndinatenga thumba la feteleza n'kuikamo zinthu zimene ndinkafuna kuti abale anga asadzamulande ine nditapita: mapoto amene anabwera nawo pa ukwati, nsalu zake za m'sutikesi, makadi a ubatizo a ana, ndi kalata yathu ya ukwati ya ku tchalitchi. Pamwamba ndinathirapo mtedza n'kumanga ndi mano. Ndinamuuza kuti ndi mtedza wa apongozi.

M'mawa ndinawaperekeza ndi ndodo yanga mpaka pamsewu. Minibasi itaima, Mphatso anandifunsa kuti andibweretsere chiyani, ndinati nzimbe. Kondakitala anakankha chitseko, ndipo ine mumtima ndinamva nyimbo ija. Ndinabwerera kunyumba, ndinasesa ndi dzanja limodzi, ndinamasula mbuzi kuti isafe ndi njala pa chingwe, ndinayala suti yanga ya ku tchalitchi pabedi. Zimene ndinakonza kuti ndichite sindizinena pano, chifukwa sizingathandize munthu. Dzuwa litapendeka ndinatseka chitseko ndi mpiringidzo, ndinakhala pansi, ndinayatsa foni kuti ndionere kaputeni uja komaliza. Ndiyeno ndinapemphera pemphero loipa kwambiri pa moyo wanga, pemphero lachipongwe. Ndinati, Ambuye, ngati muli nazo zombo zanu zobisala kuseri kwa mwezi, nthawi yake ndi inoyo, apo ayi tisavutane.

Sipanadutse nthawi, ndinamva njinga yamoto ikuima pabwalo, kenako chitseko chinagogodwa ndi chinthu cholimba. Anali a Mateyu, amalume ake a Agata, nkhoswe ya ukwati wathu ya kuchikazi. Ndi bambo achikulire, anali asodzi masiku awo, ndipo kuyambira kale sankandikonda kwenikweni chifukwa ankati aphunzitsi timalankhula ngati tikuwerenga.

Zimene zinachitika n'zakuti apongozi anga atamasula thumba lija kuti aanike mtedza, anapeza mapoto ndi kalata ya ukwati. Ine Agata ndinamutenga chitengwa, kutanthauza kuti ndinapempha kwa ankhoswe kuti achoke kwawo adzakhale kwathu. Mkazi wotengedwa chotero sabwezedwa mwakachetechete. Akafika kwawo ndi ziwiya zake ndi kalata ya ukwati, mudzi wonse umawerenga chinthu chimodzi, chakuti ukwati watha ndipo mwamuna wanyoza ankhoswe. Ine ndi sayansi yanga yonse sindinaganizeko zimenezi. A Mateyu sanadikire kuti kuche, anakwera kabaza nthawi yomweyo.

"Aphunzitsi, tsegulani," anatero. "Mwana wathu munamutenga masana anthu akuona. Lero mwamubweza m'thumba la feteleza. Tsegulani tikambirane, apo ayi chitsekochi ndichizula."

Sindinatsegule, ndinkaganiza kuti atopa, koma anapitiriza kumenya ndi ndodo mpaka oyandikana nawo anayamba kusuzumira. Manyazi ndi amene anandidzutsa. Nditatsegula, analowa osapereka moni, anandilanda foni m'manja. Kumudzi anali atagwirizana kale kuti munthu wongokhalira foni tsiku lonse ndiye kuti wapeza mkazi wina mmenemo.

"Ali kuti mayiyo? Ndionetseni amene wakupusitsani."

Pa galasi panali chombo chikuyaka. Anayang'ana nthawi yaitali, osamvetsa, ndipo anandilamula kuti ndifotokoze. Ndi pakamwa panga popotoka ndinayamba kuwauza za kaputeni, za anthu olowa m'tizombo tothawira, za chitseko chotsekedwa. Ndinkafotokoza ngati ndili m'kalasi, ndipo ndikuganiza kuti mawu anga ananena zambiri kuposa zimene ndinkafuna. A Mateyu anakweza maso. Anaona m'nyumba mosesedwa, suti pabedi, kenako anasuzumira panja pamene mbuzi inkayendayenda yopanda chingwe. Nkhope yawo inasintha. Anakoka mpando n'kukhala pakhomo penipeni, miyendo atatambasula, kuti munthu asadutse.

"Bwezerani pamene akuthawa paja," anatero ndi mawu otsika. Ndinabwezera. Tizombo tinamwazikana, chachikulu chinaphulika, mawu oti ngwazi anatuluka. "Tsono awo athawawo akafika kuti? Ndionetseni."

Ndinati sizioneka, amalume, nkhani imathera pomwepa.

"Imathera pomwepo chifukwa woilembayo sanawatsatire," anatero. "Ine ndawaona kumene afikira. Ali kwanga. Agata wakhala pansi kuseri kwa nkhokwe, wagwira pepala lija, sakulankhula. Wamkuluyo akufunsa agogo ake kuti iwo alakwa chiyani. Wamng'onoyo akukana kudya nzimbe, akuti ndi ya adadi. Izi n'zongoganiza kuti mwawasiya. Nanga mawa akanamva zinazo?"

Abale anga, ndinalira ngati mwana wa sitandade wani. Miyezi yonse ija ndinkaonera nkhaniyo ndili mkati mwa chombo, ndipo sindinadzifunsepo kamodzi za amene ali kunja. Ndinkaganiza kuti ndikuwamasula, pamene ndinkawakonzera katundu woti asenze moyo wawo wonse. A Mateyu sanandilalikire, sanatchule ngakhale vesi. Anangondiuza kuti ndiwapatse zimene ndinakonza, ndinawapatsa, anakazitaya okha. Kenako anatuma wa kabaza uja kuti akatenge Agata, n'kuitanitsanso nkhoswe ya kwathu ndi mkulu wa mphakati. Pakhomo paja sanachokepo mpaka onse atafika.

Agata atalowa ndinkayembekeza kuti andikumbatira ngati pa kanema. Sanatero. Anaika thumba lija pansi, anatulutsa mapoto limodzilimodzi n'kuwabwezera pamalo pake, kenako anaima patsogolo panga. "Bambo a Tadala, mwandisankhira umasiye osandifunsa," anatero. "Kukusambitsani ndinadandaulapo liti?" Mpaka lero mawu amenewo amandilasa.

Sindikuuzani kuti zonse zinakhala bwino tsiku lomwelo, chifukwa ndingakhale ndikunama pamaso pa Mulungu. Mawa lake anandiperekeza kuchipatala, kumene ndinaphunzira kuti kutaya mtima kotere ndi matenda amene amagwira ambiri odwala sitiroko, ndipo ali ndi thandizo lake. Ndinayamba kulandira uphungu ndi mankhwala. Masabata ambiri sanandisiye ndekha, amuna a mu mphakati ankasinthana kudzakhala nane, ena ongobwera kudzasewera bawo. Agata anandikwiyira nthawi yaitali, ndipo anali ndi chifukwa. Dzanja lamanja silinadzukebe. Masiku ena mdima uja umabweranso n'kukhala pachifuwa, koma tsopano ndimatsegula pakamwa n'kunena kuti lero sizili bwino. Ndinaphunzira kulemba ndi lamanzere, ndipo Loweruka ndimaphunzitsa katekisimu, ana azolowera kalankhulidwe kanga.

Gemu ija ndimaseweranso mwa apo ndi apo. Gawo la kaputeni ndimalidumpha. Koma ndikafika pamene zombo zimatulukira kuseri kwa mwezi sindilavulanso, chifukwa chombo changa chinabwera ndithu, chitakwera kabaza, chili fumbi lokhalokha, chikufuna kuzula chitseko.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lachipongwe n'kuliyankha mwachifundo. Ndikuthokoza a Mateyu, amene mpaka pano amati ndimalankhula ngati ndikuwerenga, ndi mkazi wanga amene anabweza mapoto pamalo pake. Inu amene madzi afika m'khosi, amene mwayamba kudziona ngati katundu wolemetsa abale anu, ndikukupemphani m'dzina la Ambuye, musatseke chitseko. Uzani munthu lero, kaya mkazi wanu, ansembe, adokotala kapena nkhoswe yaukali. Bodza lija limakoma chifukwa limathera pa kuphulika, silikuonetsani amene atsala. Ine ndinawaona. Wina anali atandisungira nzimbe, ndipo ndinaidya. Ambuye akusungeni nonse. Amen.