Sukulu Kapena Banja

Zikomo aulutsi, ndiwerengereni nkhaniyi amayi anzanga amve. Ndimagwira ntchito ku esiteti ya tiyi kuno ku Mulanje. Dipuloma yanga ndinaisiyira panjira nditatenga pathupi, ndiye chaka chino ndabwerera ku koleji, ndikumaphunzira Loweruka.

Amuna anga anaitana ankhoswe, ati ndayamba mwano. Pamaso pawo anandiloza chala: "Mayi, sankhani lero, sukulu kapena banja."

Bambowa ndimawakonda. Koma ndinayankha kuti, "Bambo, mwaiwala kuti ndinu akamwini? Malo ano ndi a mayi anga. Wofuna kuchoka ndiye alongedze katundu."

Amuna angawo sanachoke, koma mpaka lero sakundilankhula, ndipo zimandiwawa. Loweruka likubwerali kuli mayeso. Alankhule, asalankhule, ine ndikalemba.