Mayeso Amene Apongozi Anga Analephera

Olemekezeka apampando a bodi ya chipatala chino, olemekezeka akuluakulu oyang'anira zaumoyo, madokotala ndi anamwino, akatswiri othandiza anthu ovutika kulankhula ndi kumva, inu otimasulira m'chinenero chamanja amene mwaima pambali pangapa, amayi ndi abambo nonse.

Ndikuthokoza pondiitana, ndipo ndikuthokoza onse amene anakhetsa thukuta kuti nyumba iyi iime. Koma musafulumire kuomba m'manja, chifukwa ine ndabwera ndi manyazi.

Apongozi anga aamuna anali telala, munthu wanthabwala amene ankati akamayeza kasitomala m'chiuno amamufunsa ngati mimbayo ili ndi mapulani okulabe. Atadwala sitiroko, mawu anawathawa. Chingerezi chinapitiratu, n'kungotsala tizidutswa ta chinenero chakunyumba.

Ndinawaperekeza ndine kuchipatala. Tinapeza mtsikana wothandiza ovutika kulankhula, wakhama, wansangala, amene anachita zonse monga anamuphunzitsira. Anawaitana ndi dzina lawo loyamba, dzina limene ngakhale akazi awo sankalitchula pagulu. Anawauza m'Chingerezi kuti atulutse lilime, ine mpongozi wawo ndili pompo. Kenako anatulutsa makadi a zithunzi ochokera kunja: chidole choumbidwa ndi chipale chofewa, ndi chida china choimbira chimene ngakhale ine sindinachionepo.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa mtsikanayo.

Bambo anangoti zyoli, akupotokola chipewa chawo. Pamakadipo panalibe sizasi, panalibe singano kapena ulusi.

Titatuluka pakhonde anandigwira mkono, n'kulimbana ndi pakamwa pawo mpaka thukuta kuyenderera. Mawu atatuluka anati, "Amayi... pepani. Nda... ndalephera mayeso."

Olemekezeka, iwo kupepesa ine! Kuchipatala sanalolenso kubwerera. Alendo akagogoda, munthu wanthabwala uja ankathawira kuchipinda, ndipo anakhala choncho mpaka anatisiya.

Mtsikana uja sindimuimba mlandu. Manyazi ndi athu, ife okhala m'maofesi, amene tinkagula zida osafunsa kuti wodwala wathu amalankhula chiyani, amaona chiyani akadzuka m'mawa, ndipo ulemu amaumva bwanji.

Lero ndayenda m'zipinda zatsopanozi. Ndaona zithunzi za ndowa, njinga ndi makina osokera, ndipo ndamva kuti wosamva adzapeza womumasulira. Mtima watsikako pang'ono. Komabe, inu akatswiri, ndikupemphani: musanamuuze munthu kuti atsegule pakamwa, yambani mwafunsa abale ake kuti kunyumba amalankhula chinenero chanji, amamutchula bwanji, ndipo ndani amene akuyenera kudikira panja.

Pabenchi apo ndaona mayi atakhala kale ndi mwana wake, akudikira chitseko. Tamuchedwetsa zaka zambiri. Ndisamuchedwetsenso ndi zolankhula.

Choncho, mwa udindo umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti nthambi yothandiza kulankhula ndi kumva yatsegulidwa tsopano.

Zikomo kwambiri.