Azakhali Sankasaina Asanayese

Anamfedwa, abale, anansi ndi nonse amene mwabwera kudzatipepesa, banja latuma ine, mwana wa achimwene awo a malemu, kuti ndiwerenge mbiri yawo. Mundipirire ngati mawu angandithere panjira.

Malemu, azakhali athu, anabadwa pa 9 Malichi 1961, achitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Bambo awo ankakonza mawailesi pakhonde la sitolo ina, ndipo malemu anadziwa kulumikiza mawaya asanadziwe kulemba dzina lawo. Sukulu anayamba mu 1968, namaliza sekondale mu 1979. Chaka chotsatira anapita kukaphunzira zamagetsi. M'kalasimo mtsikana anali iwo okha, ndipo ovolosi ya msinkhu wawo panalibe, moti zaka zitatu zonse ankavala yopinda manja ndi miyendo.

Mu 1984 anayamba kuphunzitsa ntchito yomweyo. Pa 4 Ogasiti 1985 anakwatiwa ndi bambo amene akhala apawa, omwe panthawiyo ankayendetsa basi. Bambowa amakonda kunena kuti chikwatirire sanasinthepo babu m'nyumba mwawo, osati chifukwa cha ulesi, koma chifukwa sankaloledwa.

Mu 2006 malemu anasankhidwa kukhala m'komiti yovomereza makosi atsopano m'makoleji a ntchito zamanja a m'madera. Kosi siinkayamba woyendera wa komitiyo asanasaine. Oyendera ena ankathera mu ofesi ya akuluakulu a koleji, kuwerenga mapepala. Malemu ankavala ovolosi n'kulowa m'chipinda chogwiriramo ntchito, n'kuyesa chida chilichonse ndi manja awo. Chikagwira bwino ntchito, ankachidontheza kyutekisi wofiira kunsi kwake. N'chifukwa chake m'makoleji ambiri ankatchedwa Atiyesekaye, ndipo dzinali ankalidziwa, ngakhale sankavomera akaitanidwa nalo.

Gawo lotsatirali banja landilola kulinena, ngakhale likundichititsa manyazi. Mu Febuluwale 2022, koleji imene ndimaphunzitsako inapempha kuyamba kosi yokonza mafiriji. Achinyamata makumi awiri ndi asanu ndi atatu anali atalembetsa kale, koma zida tinalibe zokwanira. Tinakabwereka ku koleji ina kuti tidzangoonetsa tsiku loyendera, ndipo ganizoli linali langa. Malemu atafika ananyamula geji yoyezera gasi, n'kuitembenuza, n'kupeza kadontho kawo komwe, kamene anakaika ku koleji ina ija. Sanakweze mawu. Anathokoza chifukwa cha tiyi, analemba mzere umodzi wokana kosiyo pa fomu, n'kunyamuka. Achinyamata aja anabwerera kwawo.

Ndinakhala miyezi isanu osaponda pakhomo pawo. Anachita kundiitanitsa okha. Za tsiku lija sanatchuleko. Anandikhazika patebulo n'kundiphunzitsa kulemba makalata opempha zida kumakampani, ndipo kalata yoyamba anandibwezera kanayi. Zaka pafupifupi zitatu tinatolera pang'onopang'ono: mageji, pampu, mafiriji akufa oti ophunzira aziphunzirirapo.

Mu Okotobala 2023 malemu anadwala matenda ofa ziwalo. Kulankhula kunabwerera, koma dzanja lamanja silinabwererenso mwakale. Komiti inawasunga, poti nzeru zawo zinali zosasintha.

Pa 3 Febuluwale chaka chino anabwera kudzatiyenderanso, ali panjinga ya odwala, ovolosi itafunditsidwa pamiyendo. Anaona chipinda chonse. Kenako anapempha geji kuti amange paipi yake pa firiji. Zala zinakana. Anayesa katatu. Anzawo a m'komiti anawapempha kuti wina amange iwo akuona, kenako asaine. Malemu anakana. Anati maso si manja, ndipo kusainira chida chimene sanachiyese n'chimodzimodzi kuonetsa chida chobwereka. Anatinso achinyamatawo adzalowa m'nyumba za anthu ndi satifiketi imeneyo, choncho pasadzapezeke wonena kuti kosi yawo inadutsa chifukwa azakhali anamvera chisoni mwana wa mchimwene wawo. Anabweza fomu yosasaina, napempha komiti kuti itumize woyendera wina. Tsiku lomwelo anatula pansi udindo wawo.

Pa 17 Febuluwale matenda anakula ndipo anagonekedwa m'chipatala. Anatisiya pa 21 Febuluwale, ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zitatu.

Malemu asiya amuna awo, ana atatu, zidzukulu zisanu, achimwene awo amene ndi bambo anga, ndi ang'ono awo awiri. Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino, anansi amene ankasinthana kuwadikirira, anzawo a m'komiti, ndi ophunzira awo akale amene abwera kuchokera kutali.

Tikuthokozanso achinyamata amene mwaima kumbuyoko. Mwa aja analembetsa mu 2022, mwatsala khumi ndi asanu ndi anayi amene mukudikirabe, ndipo amene anakuchedwetsani ndine, osati malemu. Komiti yatilembera kuti woyendera wina adzafika pa 10 Malichi. Ngati adzavomere kapena ayi, sindikudziwa. Chimene ndingalonjeze pamaso pa azakhali n'chakuti chida chilichonse chimene adzachigwire tsikulo chidzakhala chathu.

Azakhali, manja anu agwira ntchito yokwanira. Mzimu wanu uuse mumtendere.