Tsiku Limene Apongozi Anga Anakhala Pansi M'banki

Abale ndi alongo anga mwa Ambuye, landirani moni wochokera ku Chinsapo. Ine ndine Nachisale, amake Tadala, kwathu ndi ku Ntcheu, ntchito yanga ndi yosoka zovala pakhonde. Ndikufuna ndichitire umboni za chaka chimene banja langa linatsala pang'ono kutha chifukwa cha ndalama zimene banki inkandidula mwakachetechete, ine n'kumatchedwa wakuba m'nyumba mwanga momwe. Amene mumandidziwa mukudziwa kuti pakamwa panga sipachedwa. Mundikhululukire, nkhani iyi sindingathe kuinena monyengerera.

Bambo a Tadala anapita ku Joni kukagwira ntchito ya zomangamanga kuti timange nyumba pa puloti yathu. Ndalama sankatumiza pa basi ayi. Panali mayi wina wa geni amene ankapita kumeneko kukaoda katundu. Iwo ankamupatsa marandi, iye akafika kuno n'kukaika makwacha mu akaunti yanga. Poyamba zinkayenda bwino, chifukwa nthawi imeneyo tinali ndi timabuku ta kubanki, ndipo chilichonse cholowa kapena chotuluka ankachilemba iwe ukuona. Kenako anatilanda timabuku tija n'kutipatsa makhadi, ati ndiye chitukuko. Makina a pakhoma aja amangolavula kapepala konena zimene zatsala. Zimene zachoka, ndi amene wazichotsa, sakuuza.

Ndalama zinayamba kuperewera. Bambo akanena kuti atumiza za simenti, ine kukatapa ndinkapeza zosakwana. Akanena za malata, chimodzimodzi. Nyumba inaima pa mawindo, mvula n'kuinyowetsa mpaka chisoso chinamera m'chipinda chimene tinkati chidzakhala chogona. Mtima wanga unkandiuza kuti ndi nkhani ya makina anga osokera. Ndinawagula pangongole kusitolo ina ya m'tauni, banki n'kumadula mwezi ndi mwezi, koma ngongoleyo ndinamaliza kalekale ndipo kalata ya kusitolo yoti asiye kudula ndinakapereka ndi manja angawa. Nditafunsa pakauntala, mtsikana wa pamenepo anangoti ndi machaji, mayi, n'kuitana wotsatira.

Masiku amenewo foni ya m'manja tinalibe. Bambo ankaimba Lamlungu masana pa katebulo ka telefoni ka pamsewu, pafupi ndi amayi ogulitsa tomato. Telefoni yake inali yokuwa, moti ukamalankhula msika wonse umamva. Tsiku lina sanandipatse n'komwe moni.

"Nachisale, ndalama zanga ukudya ndi ndani?"

Ndinayesa kufotokoza za machaji, iwo anati banki si mbewa kuti izidya chimanga cha m'nkhokwe. Anati Disembala akubwera, ndipo ngati sipadzakhala pepala losonyeza kumene ndalama zapita, ankhoswe adzakhala pansi, ine ndidzanyamule makina angawo ndizipita ku Ntcheu. Nditaika foni pansi, amayi a tomato aja onse anali kalikiliki kukonza milu imene inali yokonza kale. Sabata isanathe, Chinsapo yense ankadziwa kuti ndili ndi chibwenzi. Ena anachitchula dzina, munthu amene ine sindinamuonepo chibadwire. Ndikavala chitenje chatsopano cha kumpingo, ati onani simenti ikuyenda.

Zinandiwawa, abale. Ine amene ndinkadya bonya kuti ndalama ya nyumba isakhudzidwe, lero ndine hule? Ndinati ayi, izi ndiye sindilola. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, choncho ndinakwera minibasi kupita kubanki kukapempha sitetimenti, pepala losonyeza zonse zolowa ndi zotuluka kuyambira pamene anatilanda timabuku.

Kumeneko ndiye ndinaona zakuda. Anati pepala lililonse n'lolipira. Ndinalipira ndi ndalama ya mayunifolomu amene ndinasokera ana a sukulu, koma anangondipatsa za miyezi yapafupi, zolembedwa m'mawu achidule oti ngakhale mphunzitsi wa pafupi nafe anagwedeza mutu. Za kale, ati zili kulikulu ku Blantyre, ndilembe kalata. Ndinalemba. Nditabwerera, ati kalata sinaoneke, ndilembe ina. Ulendo wina anati ndibweretse chiphaso, ine n'kutulutsa khadi yovotera, iwo ati chithunzi chake sichikuoneka bwino. Poika ndalama sankafunsa ngati nkhope yanga ikuoneka bwino, koma pofunsa za ndalama zomwezo ndinasanduka mlendo. Ulendo winanso makompyuta anali atakana. Nthawi zonse mawu omaliza anali amodzi, bwerani sabata ya mawa.

Mnyamata wa pa desiki ya mafunso, wa tayi yofiira, ndinafika pomuuza zonse za kunyumba kwanga. Ndinadzichepetsa mpaka kumuuza kuti banja langa lili pa pepala limeneli. Ndinkaganiza kuti amva chisoni, poti nayenso anabadwa kwa mkazi. Anangoti wamva.

Mwezi wa Novembala utalowa, mphamvu zinandithera. Ndalama ya minibasi inkadya ya ndiwo, ana anayamba kufunsa ngati n'zoona kuti tisamukira kumudzi. Tsiku lina masana ndili pa makina, ulusi unaduka, ine n'kungoyamba kulira ngati wamva uthenga wa maliro. Ndinapemphera pomwepo, ndipo silinali pemphero laulemu. Ndinati Ambuye, ine sindinabe, Inu munaona. Ndakhala ndikuimba m'kwaya yanu zaka zonsezi, anthu amadziwa kuti ndine wanu, ndiye manyazi awa si anga ndekha. Nditumizireni munthu.

M'mawa mwake ndikusesa pabwalo, ndinaona munthu akubwera ndi thumba la mbatata ya kachewere pamutu. Anali apongozi anga, amayi awo a bambo a Tadala, ochokera ku Dedza. Ndinayang'ana kumwamba n'kunena chamumtima kuti Ambuye, ndinapempha munthu wondithandiza, Inu mwatumiza awa?

Muwadziwe apongozi angawo. Ndi mayi wamfupi, wouma ngati chikuni, amene wagulitsa mbatata pamsewu moyo wake wonse ndipo palibe kondakitala amene anawaberapo chenji. Ine sanandikondepo. Ankafuna kuti mwana wawo akwatire mtsikana wa m'mudzi mwawo, ndipo sankabisa. Ulendo umenewu anachita kutumidwa ndi mwana wawo kuti adzaone zimene ndikuchita. Asanamwe ngakhale madzi anayendera nyumba yonse, kutsegula sutikesi yanga, kugwiragwira zitenje, kusuzumira pansi pa bedi ngati apezapo mwamuna. Anandiuza m'maso muli gwa kuti ndadya thukuta la mwana wawo. Nditawafotokozera za kubanki anaseka.

"Kandimverere anakanena za m'maluwa. Mawa tipitire limodzi, ndikamve ndekha bodza lakolo."

Tinapita. M'banki munali mzere wofika pakhomo, poti kunali kumapeto kwa mwezi. Titafika pa desiki ija, mnyamata wa tayi sanadzutse n'komwe mutu. Anati za ku Blantyre sizinafike, ndibwere sabata ya mawa. Ine ndinati sabata ya mawa yakwana, lero sindichoka opanda mapepala anga, akaunti ndi yanga ndipo ndili ndi ufulu woona zimene zikuchitikamo. Apo ndiye anadzutsa mutu, n'kulankhula mokweza kuti a pamzere amve.

"Mayi, anthu a timaakaunti ngati kanuka ndi amene mumavuta. Ngati ndalama za amuna anu munadya, musadzatinamizire ife."

Mawu amenewa ndi omwe aja apongozi anandiuza dzulo lake, ndiye ndinkadikira kuti avomereze. Koma ndinangomva akundikankhira pambali ndi chigongono.

"Iwe mwana, ameneyu ndi mpongozi wanga. Womutukwana ndine, osati iwe. Unamutula ndiwe pakhomo panga?"

Atatero anakhala pansi. Osati pa benchi ayi, pansi penipeni pa matailosi, pakati pa banki, miyendo tambalale ngati ali pamsika wa ku Dedza. Anati ndalama za mwana wawo zinalowa pa khomo ili, ndipo sadzuka mpaka aone pamene zinatulukira. Mlonda anabwera ndi chibonga chake n'kuwapempha kuti agogo adzuke. Iwo anavula mpango wa kumutu, kuupinda bwinobwino, kuuika pambali. Kenako anaika dzanja pa mfundo ya chitenje chawo n'kumuyang'ana.

Palibe mwana wa Mmalawi amene sadziwa kuti mayi wamkulu akakuvulira ndiye kuti wakusiyira tsoka losasambika. Mlonda uja anabwerera chafutambuyo. Sindikunena kuti imeneyi ndi njira ya Chikhristu, abusa mundimve bwino, ndipo chitenjecho sichinamasulidwe. Ndikungonena zimene maso anga anaona. Bambo wina pamzere anati nafenso amatidula osatiuza, mayi wina n'kuvomera, phokoso n'kuyamba.

Manijala anatuluka mu ofesi yake akumanga batani la jekete. Anali bambo wa imvi zapatalipatali, ndipo ataona zimene zinali pansipo sanafunse zambiri. Ananjuta pafupi ndi apongozi n'kuwapempha mwaulemu kuti akakambirane mkati. Apongozi anakana. Anati pamene mpongozi wawo wanyozedwera ndi pomwe mapepala abwere. Abale, mapepala aja ankati ali ku Blantyre anatuluka kuseri kwa chitseko madzi a tiyi asanawire, ali otentha kuchokera m'makina. Blantyre yake inali yomweyo.

Apongozi sadziwa kuwerenga, ndipo ine sakanandikhulupirira, ndiye analamula manijala kuti awerenge yekha mokweza, m'Chichewa. Bambo uja anawerenga, thukuta lili kamukamu. Zinali monga mtima wanga unkanenera. Banki sinasiye kudula za makina osokera. Mwezi umene tsiku lodula lafika mu akaunti mulibe kanthu, ankandilipitsa chindapusa, chindapusacho n'kumaberekanso chiwongoladzanja, ndiye ndalama ya ku Joni ikangolowa, ankayamba adya iwo. Manijala anati pachitika kulakwitsa. Ine ndinati kulakwitsa kumeneku kwanditcha hule ku Chinsapo, ndiye ndikufuna ndalama zanga zibwerere. Anati ndilembe kalata. Ndinailemba pomwepo pa kauntala, ziwiri zofanana, ndipo sindinasunthe mpaka anadinda yangayo n'kusainira. Apo m'pamene apongozi anavala mpango wawo n'kundiuza kuti ndiwadzutse, miyendo yachita dzanzi.

Sindikunamizani kuti zonse zinabwera tsiku lomwelo. Ndinapitakonso maulendo angapo, koma tsopano ndikalowa, wa tayi uja ankaimirira. Za makina ndi zindapusa zonse anabweza. Timachaji ta mwezi ndi mwezi anakana, ati n'tovomerezeka, ndipo mpaka lero ndimati ndi kuba kovala suti. Apongozi sanandipepese, si anthu opepesa. Koma Lamlungu lotsatira anapita okha ku telefoni ija, ndipo zimene anamuuza mwana wawo anazimva ngakhale ogulitsa makala a tsidya lina la msewu.

Disembala bambo a Tadala anafika ndi zikwama, nkhope ili mwee. Anati zatha, tiiwale, ankhoswe asavutikenso kubwera. Ndinati ayi bambo, mlandu suola. Ankhoswe munawaitana kuti adzandichotse, ndiye abwere ndithu, adzamve mmene nkhani yathera. Anayesa kundinyengerera ndi nsapato za ku Joni, ine ndinati nsapatozo ndivala, koma dzina langa silinaipe kuchipinda, linaipa pabwalo. Ankhoswe anabwera, a kwawo ndi a kwathu, tinakhala m'nyumba yopanda denga ija. Ndinayala mapepala a kubanki pa mphasa. Mwamuna wanga, munthu wosagonja uja, anavula chipewa pamaso pa malume anga.

"Nachisale sanabe. Ndinamulakwira ndine."

Ndinalira, abale, kuposa tsiku lija ulusi unaduka. Mawu amenewo ndi amene ndinkawafuna, kuposa ndalama zonse zimene banki inabweza.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandipulumutsira banja langa ndi dzina langa. Ndikumuthokozanso chifukwa sanandifunse maganizo posankha munthu woti amutume, pakuti ndikanasankha ine, apongozi anga sakanakhala ngakhale kumapeto kwa mzere. Inu amene mukuona ndalama zanu zikuchepa osadziwa chifukwa, musamangodandaulira m'minibasi. Pitani mukafunse mapepala anu, ndi anu. Akakuuzani za sabata ya mawa, sabata ya mawayo akakupezeni muli pakhomo. Pempherani, koma nsapato zili kuphazi. Ndipo ngati simunabe, musaweramitse mutu pamaso pa wina aliyense, kaya wavala tayi, kaya ndi amene mumafunda naye bulangete limodzi. Ambuye akulimbitseni mtima nonse. Ameni.