Chikwangwani Chimene Ndinawerenga Chamumtima

Kale, nthawi ya chipani chimodzi, mtsikana asanayerekeze n'komwe kuvala buluku, inenso ndinathamangapo ngati mmene wathamangira iwe lero, Tadala mdzukulu wanga. Ndamva kuti akusankha kupita ku sekondale, ndipo kuvina ndavina kale, tsono khala pansi upume. Inunso anzakenu, siyani kaye kutembenuza usipawo, suthawa pathandala.

Linali Lachisanu, nyengo yotentha. Aphunzitsi aakulu anandipatsa kalata, ndipo kuchokera pasukulu mpaka kugombe sindinaime, mchenga ukuotcha koma ine osaumva. Ndinawapeza atate akusoka ukonde, kugwada ndinaiwala.

"Atate! Andisankha! Sukulu yonse ine ndekha, anyamata onse agwa! Kuli magetsi, atate, kuli mabedi, aliyense yakeyake, ndiye akuti mabuku mpaka kudenga!"

"Pumako, Esinati, ungameze lilime," anatero akuseka. "Sekondaleyo ikuthawa?"

Komatu inkathawadi. Kalatayo inali itachedwa m'njira, ndipo inkati ndikaonekere ndi kholo ku ofesi ya zasukulu paboma mawa lake Loweruka, asanatseke masana, apo ayi malo anga apatsa wina. Lero mumangoimba foni zinthu n'kutheka, koma ife foni yathu inali miyendo. Aphunzitsi anati atiperekeze, atate n'kukana: "Ine kusochera mu Salima? Ndinayamba kupitako ndi dengu la chambo ndisanamere ndevu!"

Ndipo sankanama, ana inu. Anali munthu wopalasa bwato mpaka kuchilumba cha Mbenji, nkhungu ili gwaa, osaphonya doko. Koma Salima amene ankamudziwa anali wa njira imodzi: kutsika lole, kulowa mumsika, kutuluka, kukweranso lole. Tonse akunyanja tinali otero. Kumaofesi munthu sankapitako popanda mlandu, ndipo wofunsafunsa za maofesi a boma ankamuyang'ana kawiri: ndiwe yani, khadi yachipani ili kuti, ukukatani kumeneko? Pakamwa tinkasunga ngati mchere wa m'dzinja.

Mawa lake tinafika ku Salima dzuwa likadali pansi, nthawi ilipo yambiri. Atate patsogolo ndi jekete lakutchalitchi, ine pambuyo monga mwana wamkazi ankayendera, kalata ili pachifuwa. Titapitirira msika tinafika pamphambano pomwe panali mtengo wa mango, ndipo pamtengopo anakhomapo chikwangwani cha Chingerezi, muvi wake ukuloza kumanzere. Ndinachiwerenga chonse: chinkalozera ku ofesi ya zasukulu. Atate sukulu sanapiteko, anakhotera kumanja.

Pakamwa ndinatsegula ndithu. Koma pansi pa mtengowo panali anzawo amumsika akusewera bawo.

"Abanda! Jekete Loweruka? Mukukakwatira kachiwiri?"

"Ndikuperekeza dokotala wanga uyu!" anayankha atate, chifuwa chili patsogolo. "Mudzamugwadira akamadzakubayani jakisoni!"

Nanga pamenepo ine ndikanati, "Atate, mwalakwitsa njira," anthu onsewo akumva? Mwana wamkazi sankalozera bambo ake njira. Ndinadzinamiza kuti mwina akudziwa yachidule, paja akuluakulu ndi mdambo mozimira moto, ndipo ndinatseka pakamwa n'kuwatsatira.

Tinayenda, ana inu! Tinadumpha njanji, tinalowa m'nyumba za makalaliki zofanana ngati mazira, tinatulukira pachigayo, tinazungulira, n'kutulukiranso pachigayo pomwepo. Jekete la atate linanyowa kumsana. Anthu tinkakumana nawo, iwo n'kupereka moni basi, osafunsa, poti mwini mudzi akafunsa njira asanduka mlendo. Paja amati safunsa anadya phula, koma tsiku limenelo tinadya awiri, mbale imodzi.

Anatipulumutsa ndi mayi wina wogulitsa zitumbuwa, ataona tikumudutsa kachitatu. "Bambo, mukusaka mbuzi kodi?" Atate anamuuza chapansipansi, iye n'kuwomba m'manja: "Ii, mwaisiya kutali! Bwererani pamango paja, mukhotere kumanzere."

Tinapeza chitseko chotseka, mesenjala akumanga chikwama panjinga. Anati abwana apita ndipo mayina apita nawo, pamalo panga alembapo mtsikana wa ku Khombedza amene anadikirira pakhonde kuyambira m'mawa. Lolemba tinabwereranso, koma madzi akatayika saoleka. Chaka chotsatira ndinalembanso mayeso, dzina langa silinatuluke, ndipo ndi umo ndinayambira usipa umene mukutembenuzawu.

Atate sanailankhulenso nkhaniyo, koma anayamba kunditenga popita kumsika, ndipo nsomba zikatha ankati, "Tiye tiyendeko." Msewu ndi msewu, ine kuwawerengera zolembedwa pazipupa, iwo kugwedeza mutu ngati mwana wa sitandade wani. Munthu wa imvi kuphunzira tauni yakwawo! Pamango paja pokha ankapazemba, mpaka tsiku lina anaima.

"Apa palembedwa chiyani?"

Ndinawawerengera.

"Tsiku lija unachiona?"

"Ndinachiona, atate."

Ndiye anati, "Inenso ndinacheuka, ndinakuona ukuchiyang'ana. Ndinadziwa kuti wawerenga kanthu. Koma pamaso pa anthu aja, ndikanafunsa bwanji mwana?"

Kuchokera pamenepo, pobwerera kukakwera lole, anandiyendetsa pambali pawo, osati pambuyo.

Mango aja anadulidwa, ndipo tauniyo yakula moti inenso, wobadwira konkuno, misewu ina sindiidziwa. Tsono Tadala, tsiku lopita kusukuluko ndikuperekeza ndine, chitenje chatsopano ndasunga kale. Ulemu ndi wabwino, mwanawe, usautaye. Koma ukadzaona gogo wako akukhotera kumanja muvi ukuloza kumanzere, kaya pali anthu angati, udzandikoke chitenjecho.