Chimphona Sichinagone, Chinafa

Dzulo pa siteji ya basi ku Nyimba, bambo wina wachipewa anasuzumila buku limene mai wachitsikana anafumbata. Analankhula monong'ona, poti masiku ano a Chitaganya sudziwa amene wakhala naye pafupi.

"Amai, bisani ilo. Si inu munakuwa pa bayisikopo ku Msanzala?"

"Ndine. N'chifukwa chake a boma andiitana ku Petauke, ndikayankhe mlandu."

"Nanga munakuwilanji?"

"Nthano anaonetsa ija ya chimphona chodya ng'ombe za anthu inachokela m'buku lino. Ndawelengela azimai akwathu katatu, iwo akutongola chimanga. Pomaliza mtsikana wina amachilasa, chimphonacho n'kufa. Pansalu tonse tinachiona chikugwa. Koma wa boma wotanthauzila bayisikopoyo akuti, 'Chagona chabe, chikauka chidzagwilizana ndi mudzi, azidyela pamodzi.' Ine ndinati bodza!"

"Nkhani yopeka, amai! Mukalowele ndende chimphona?"

"Ngati ndi yopeka, akuiopelanji?"

"Kaneneni kuti simudziwa kuwelenga. Akakusiyani."

"Bambo, zaka zinayi ndinayenda pansi kupita kusukulu ku Minga, lelo ndikakane? Onani, tsamba lomaliza ndalipinda kale. Akangondifunsa, ndikawelenga mokweza, kuti amesenjala apakhomo nawonso amve kuti chinafa."