Zovala Zoyera pa Tsiku Lofunsira Ntchito

Pa siteji ya basi, mayi wina anasendera kuti mtsikana wovala yunifolomu yoyera akhale nawo pabenchi.

"Mwaweruka, anesi?"

"Unesi wake uti, mayi? Sukulu ndimaliza mwezi wamawa. Ndikuchokera kuchipatala kofunsira ntchito."

"Zayenda?"

"Ziyenda bwanji? Ndalakwitsa kuvala zoyerazi. Tili pamzere, agogo ena andigwira dzanja, akuti, 'Mwanawe, ndiperekeze kuchimbudzi.' Ndikanakana? Pobwerera ndapeza dzina langa aitana kale, chitseko atseka."

"Simunawafotokozere?"

"Ndafotokoza. Akuti iwo akufuna namwino wosunga nthawi."

"Nanga agogowo?"

"Andidalitsa ine, mpaka ana amene sindinabereke."

"Pepani, mwanangu, Mulungu waona. Koma poti basi ikuchedwa, simungandionereko phazi lotupali?"

Mtsikanayo anausa moyo.

"Vulani nsapatoyo, mayi."